Mmene Boma Linayesera Kuciritsa Nthaka ya ku Petauke ndi Nyimba

 Nkhani yathu ya lero ndi ya nthaka. Munthu akadwala timamtengera ku cipatala, ndipo kumeneko timapeza dokotala, namwino, wopereka mankhwala ndi kalaliki, yense pa nchito yace. Nanga dziko likadwala, mitengo itatha, mitsinje ikuphwa cirimwe cisanafike pakati, minda ikubala cimanga colekeza m'ciuno, amaliciritsa ndani, ndipo nchitoyo amaigawana motani? Boma la dziko lino lakhala likulimbana nalo funso limeneli kuyambira zaka za m'ma 1940, ndipo ku Petauke ndi ku Nyimba tingaone bwino zimene linayesa. Masiku akalewo Nyimba inali mbali ya Petauke. Cotero pochula Petauke m'nkhani zakale tikunena dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo, la Nyamphande, Sandwe, Mumbi ndi Mwanjawanthu, pamodzi ndi la Ndake, Mwape, Luembe ndi Nyalugwe, kufikira ku mtsinje wa Luangwa.

Gwero la matenda

Makolo athu sanadziwe feteleza, koma anadziwa kupumitsa nthaka. Munthu ankatema mphanje, natentha nthambi, nabzala mapira, cimanga, maungu ndi nyemba pa phulusa ndi pa nthumbira. Zikapita zaka zingapo, mbeu zikayamba kufooka, ankausiya mundawo kuti ukhale tsala, natema pena. Zitsa zinkaphuka, masamba ankagwa ndi kuola, ndipo mwana wa munthu uja atakula ankapeza tsala lija lasanduka nkhalango yoti n'kutemanso. Ulimi wotere uli nalo lamulo limodzi lalikulu, lakuti malo aculuke koposa anthu. Lamuloli likasweka, tsala silipeza nthawi yogona.

Amene analiswa sanali alimi. Mjeremani wina wogula minyanga ya njobvu, dzina lace Carl Wiese, anakhala kwa Mpezeni zaka zingapo, nanena pambuyo pace kuti mfumuyo inampatsa dziko. Mapepala ace anafika ku London, ndipo mu 1895 kunabadwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inawerengedwa mwini wa dziko lokwana masikweya mailosi 10,000 kum'mawa kwa Luangwa. Ansenga sanafunsidwe, ngakhale kuti dziko lao linalowa m'malire amenewo. Mu 1898 asilikari ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni, ndipo posakhalitsa panadza msonkho wa nyumba. Pofuna ndalama za msonkho amuna anayamba maulendo a ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo migodi ya mkuwa itatsegulidwa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ena analunjika kumeneko.

Mu 1924, caka cimene kampani ya British South Africa inapereka ulamuliro wa dziko lino m'manja mwa Boma la ku Britain, anasankhidwa akulu-akulu oti adule malire pakati pa malo a Azungu ndi malo a anthu akuda m'cigawo ca Kum'mawa. Malo a anthu akuda anachedwa marizevu, ndipo lamulo lowakhazikitsa linatuluka mu 1928. Ca ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kunali marizevu a Ngoni, Chewa ndi Msandile. Ca kumadzulo kunali a Nsenga ndi Petauke pamodzi ndi ena. Midzi yambiri inauzidwa kuti isamuke, isiye manda a makolo ndi madimba, ikalowe m'rizevu. Dziko losiyidwalo linasungidwira Azungu amene amayembekezeka kudzalima fodya. Koma mtengo wa fodya unagwa m'zaka zomwezo, ndipo alimi oyembekezekawo sanabwere.

Pamenepo dziko limodzi linagwidwa ndi matenda awiri osiyana. M'marizevu anthu anathithikana, makamaka ca ku Fort Jameson. Ngakhale kumene rizevu inaoneka yaikulu pa mapu, mbali zace zambiri zinali mapiri kapena malo osowa madzi pa cirimwe, motero midzi inaunjikana kumene kunali mtsinje. Tsala linalimidwanso lisanagone mokwanira, makasu anakwera m'mapiri natsikira m'mphepete mwa mitsinje, ndipo mvula inayamba kukokolola nthaka nikumba zigwembe. Kunja kwa marizevu kunali matenda ena. Minda yosiyidwa inasanduka chire, chire linaitana nyama, ndipo nyama zinadza ndi kashembe. Mliri wa ng'ombe wa m'zaka za m'ma 1890 unapha njati ndi nyama zina zambiri, kashembe nacepa. Koma nyama zitaswananso, malamulo a mfuti ataletsa eni dziko kusaka monga kale, kashembe anabwerera nafalikira. Kumene iye wafika ng'ombe sizikhala. Anthu naonso sanapulumuke: mtundu wa kaodzera wopha msanga unadziwika koyamba mu 1910 m'magazi a munthu amene anautenga m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1912 madokotala Kinghorn ndi Yorke anaonetsa m'cigwa comweco kuti woufalitsa ndi kashembe wa m'chire. Wolemba mbiri Leroy Vail anasonkhanitsa nkhani zimenezi mu 1977, naonetsa kuti kuonongeka kwa dziko la Kum'mawa kunatsata malamulo a atsamunda.

Boma lidzidzimuka

Cimene cinadzidzimutsa Boma cinayambira kutali. M'zaka za m'ma 1930 cirala cinagwa m'zigwa za tirigu za ku America, mphepo ninyamula nthaka ya m'minda mpaka kudetsa dzuwa, mabanja ambiri nathawa mafamu ao. Mu 1935 Boma la kumeneko linakhazikitsa nthambi yosamala nthaka, woitsogolera Hugh Bennett, ndipo mantha a kukokoloka kwa nthaka anagwira maofesi a atsamunda mu Afrika yense. Kuno kwathu Sir Alan Pim, amene anatumidwa kudzaona za cuma ca Northern Rhodesia, analemba mu 1938 lipoti lodzudzula mkhalidwe wa marizevu. M'zaka zomwezo katswiri wa zomera Colin Trapnell anali kuyenda pansi ndi amtengatenga m'dziko lonse, kuyang'ana nthaka, mitengo ndi malimidwe a mtundu uli wonse. Buku lace lonena za kumpoto ndi kum'mawa kwa dziko linatuluka mu 1943.

Mankhwala oyamba anali oonekeratu: kubweza malo. Mu 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati, Boma linagula dziko limene linatsala m'manja mwa North Charterland, ndipo mu 1947 mbali yace yaikulu inalembedwa kuti ndi malo osungidwira eni dziko, ochedwa Native Trust Land. Koma akulu a Boma anaopa kuti akangotsegula cipata, dziko latsopanolo lidzaonongeka monga rizevu. Anaganiza zosamutsa anthu mwadongosolo, ndipo dongosolo limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu.

Kuwerenga mphamvu ya nthaka

Nchito yoyamba inali kuwerenga. Wotsogolera maganizo amenewa anali William Allan wa mu ofesi ya zaulimi, amene pambuyo pace, mu 1949 ndi mu 1965, analemba mabuku ofotokoza njira yace. Funso lace linali ili: kodi malo akuti-akuti angadyetse anthu angati kosalekeza, osatopa?

Tiyerekeze cotere, ndi manambala ongosonyeza njira. Munthu mmodzi, powerengera ana ndi akulu pamodzi, afuna ekala 1 yolimidwa caka ciri conse kuti adye. Ngati nthaka ya pamalopo imalimidwa zaka 4 nifuna kugona zaka 12, ndiye kuti pa ekala iri yonse yolimidwa payenera kukhala maekala 3 ogona. Onse pamodzi akwana 4. Koma si ponse pamene khasu lingalowe, pakuti pali mapiri, miyala ndi madambo odikha madzi. Ngati gawo limodzi lokha mwa magawo 4 ndilo lolimika, munthu uja afuna maekala 16. Sikweya mailo imodzi iri ndi maekala 640, ndipo tikagawa ndi 16 tipeza anthu 40. Akapyola pamenepo njala siioneka caka comweco. Cimene cimayamba ndi kufupika kwa zaka za tsala, kenaka kucepa kwa zokolola, kenaka kukuza minda pofuna kubweza zimene zacepa, mpaka nthaka ithe mphamvu.

Nanga anadziwa bwanji nthaka yabwino ndi yoipa m'dziko lalikulu cotere, wopanda makina? Apa Trapnell ndi Allan sanabise kuti anaphunzira kwa alimi a m'midzi. Mlimi wa kwathu akafuna mphanje amayang'ana mitengo ndi udzu. Pamene pamera nsenjere ndi msangu pali conde. Pamene paculuka misuku nthaka njosaya ndi yofooka. Pamene pali tsanya, monga m'cigwa ca Luangwa, pali dongo lolimba losalowa madzi msanga. Nzeru imeneyi inalembedwa pa mapu, ndipo pa mapuwo anadula malo a mudzi uli wonse molingana ndi ciwerengero ca anthu ace.

Kugawana nchito

Mapu sasamutsa mudzi. Panafunika manja a nthambi zambiri za Boma, ndipo zinayenera kulowa motsatana. Pamwamba panali Bwana wa cigawo ku Fort Jameson, ndipo pansi pace Bwana D.C. wa ku Petauke, amene anali ngati mwini bwalo wokumanitsa onse. A zaulimi ankapima nthaka ndi kudula malire a midzi ndi a minda. A zamadzi ankakumba zitsime ndi kumanga madamu, pakuti mudzi sungakhale pamene mai ayenda theka la tsiku kukatunga. A nthambi ya nyama ndi kashembe, imene inakhazikitsidwa mu 1942, ankalambula chire, kuthamangitsa kapena kuombera nyama, ndi kuika zipata pa miseu yocokera ku malo a kashembe kuti asakwere pa galimoto kapena pa msana wa woyenda pa njinga. A zankhalango ankapatula mapiri ndi magwero a mitsinje kuti pasalowe nkhwangwa. A zaziweto ankayang'anira ng'ombe, ndipo a zamiseu ankatsegula njira zopita ku mseu waukulu wa Kum'mawa, umene mlatho wace woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932. Nthambi imodzi ikacedwa, zonse zinkaima: citsime cikasowa anthu ankabwerera ku rizevu, ndipo kashembe akatsala ng'ombe zinkafa. Kusamutsa kumeneku kunacitika m'zaka za m'ma 1940, kwakukulu ca ku Fort Jameson, ndipo kunafikanso m'dziko la Petauke.

Mudzi utakhazikika panatsala kusunga malamulo, ndipo apa Boma linagwiritsa nchito mafumu. Kuyambira mu 1929 mafumu anazindikiridwa ndi lamulo monga maboma ang'ono okhala ndi mabwalo ao a mirandu, ndipo lamulo la 1936 linawapatsanso matumba ao a ndalama. Cotero lamulo la nthaka linkaganizidwa mu ofesi ya zaulimi, lipite kwa Bwana D.C., iye alipereke ku msonkhano wa mafumu, mafumu alilengeze monga lao, kapaso alifikitse kwa mfumu ya mudzi. Malamulowo anali otere: kuunda migula yopingasa pa malo otsetsereka kuti madzi asathamange, kusalima m'mphepete mwa mtsinje, kusatema mitengo m'mapiri, kutentha chire pa nthawi yoikika. Mlangizi wa zaulimi ankayendera minda, ndipo wolakwa ankaonekera ku bwalo la mfumu nalipa faindi.

Lamulo la moto linali ndi maziko olimba, ndipo inu a ku migodi mudzakondwa kumva kuti umboni wace unacokera kwanuko. Pafupi ndi Ndola, kuyambira mu 1933, a zankhalango anapatula timalo ta nkhalango ya miombo: pena ankatentha kuciyambi kwa cirimwe udzu usanaumitsitse, pena kumapeto kwa cirimwe, pena osatentha konse. Trapnell analemba zotsatira zace mu 1959. Moto wa mocedwa, ukabwerezedwa caka ndi caka, unapha miombo ndi mphukira zace. Moto wa msanga unasiya nkhalango ikuphukabe, pafupi-fupi monga pamene sipanafike moto.

Ndalama zinacokera ku malamulo a citukuko ca maiko a atsamunda amene nyumba ya malamulo ya ku Britain inapanga mu 1940 ndi mu 1945, ku dongosolo la zaka khumi limene Northern Rhodesia inayamba mu 1947, ndi ku matumba a mafumu. Mu 1948 kunayambanso njira ina yonyengerera m'malo moopseza: mlimi wosankhidwa ankapatsidwa munda wace-wace ndi ngongole ya ng'ombe, pulao ndi zipangizo zina, iye nalonjeza kusinthanitsa mbeu ndi kuthira manyowa. Ndipo mu 1950 kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira nthaka, madzi ndi mitengo m'dziko lonse, lochedwa Natural Resources Board, potsanzira lamulo la ku Southern Rhodesia la 1941. Pansi pa bungweli panali makomiti a madera, makamaka m'mafamu a Azungu. Taonani kusiyana kwace. Mlimi Wacizungu ankasankha yekha anzace okhala m'komiti, nalandira thandizo la ndalama pomanga migula ndi madamu. Mlimi wa ku Unsenga ankalandira lamulo lomwelo kucokera kwa kapaso, nalipa faindi akalephera.

Zimene zinatheka ndi zimene zinakanika

Tisanene kuti nchito yonseyi inapita pacabe. Mabanja amene anathithikana anapeza malo, zitsime zinatsegula dziko limene linalibe midzi, ndipo kumene chire linalambulidwa ng'ombe zinayamba kuswana. Alimi a ku Petauke anapanga bungwe lao logulitsira mbeu pamodzi, ndipo nshawa zazikulu za mtundu wa Chalimbana zocokera Kum'mawa zinachuka mpaka ku misika ya kunja.

Koma panali ming'alu itatu. Woyamba unali wa manja. Mgula ndi nchito yolemetsa, yogwiridwa pa cirimwe nthaka iri gwa, ndipo amuna ambiri a mphamvu anali ku migodi. Amene anapanga lamulo anawerenga maekala ndi pakamwa podya, koma khasu linagwera mai, nkhalamba ndi ana. Ambiri a inu mwamva kwa agogo anu za kalata yocokera kumudzi yopempha masheleni a faindi. Ndiponso mgula wopimidwa molakwa umasonkhanitsa madzi pamodzi, ndipo ukaphulika umakumba cigwembe coposa cimene ukadaletsa. Mlimi woona zotere sakhulupiriranso mlangizi.

Mng'alu waciwiri unali wa ciwerengero. Malo anadulidwa molingana ndi anthu a tsiku limenelo, koma ana anabadwa, machona anabwerera, ndipo mlimi wokhala ndi pulao ndi msika wa nshawa analima koposa ekala imodzi ija ya cakudya. Pa kalembera wa 1963 dziko lino linali ndi anthu pafupi-fupi 3.5 miliyoni; pa wa 2022 anapyola 19 miliyoni. Malo okwanira agogo sakadakwanira zidzukulu popanda kusintha malimidwe.

Mng'alu wacitatu ndiwo unali waukulu: anthu anadziwa amene anawalanda dziko poyamba. Boma lomwe linawapanikiza m'rizevu ndilo linabwera kudzawaphunzitsa kusamala nthaka, ndi cikwapu ca faindi m'manja. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba mu 1953, mkwiyo wa migula unasakanizika ndi mkwiyo wa ndale. Ku Nyasaland malamulo otere, amene anthu ankawachula kuti malimidwe, anali cimodzi mwa zoyambitsa zipolowe za caka comweco m'maboma a kumwera. Kunonso olimbikitsa Congress, ndi pambuyo pace UNIP, sanasowe owamvera ponena za migula ndi faindi. Mafumu anatsala pakati ngati nyama ya m'mbuna, Boma likuwakankha kumbuyo, anthu ao akuwada kutsogolo. Ufulu utadza pa 24 Okutobala 1964 kukakamiza kunatha, ndipo m'malo ambiri migula inasiyidwa kuti ifafanizike, yabwino pamodzi ndi yoipa.

Nchito yomweyo m'dziko la ufulu

Boma la Zambia linalemba malamulo ace: losamala zacilengedwe mu 1970, la nkhalango mu 1973. Kuciyambi kwa zaka zomwezo linapatulanso madera amene anthu amakhala pamodzi ndi nyama pansi pa malamulo a kasakidwe, monga la West Petauke m'dziko la Nyimba ndi la Sandwe. Koma mphamvu zonse zinakhala ku Lusaka, ndipo feteleza wochipa ndi cimanga ca haibridi zinacititsa ambiri kuiwala za tsala. Mtengo wa mkuwa utagwa m'kati mwa zaka za m'ma 1970, maofesi a zankhalango ndi a zanyama anatsala opanda galimoto ndi mafuta, ndipo njobvu ndi zipembere za m'cigwa ca Luangwa zinaphedwa kwambiri.

Umphawi wa Bomawo unaphunzitsa cimene faindi inalephera kuphunzitsa, cakuti mlonda wocokera kutali sangalonde thengo lonse. M'zaka za m'ma 1980, kuyambira ku Lupande, kunayesedwa njira yochedwa ADMADE, yolemba anyamata a m'midzi kukhala alonda a nyama ndi kubwezera midzi gawo la ndalama za osaka. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa mabungwe osankhidwa ndi anthu a m'dera la mfumu, mfumuyo nikhala mkhalapakati wao. Mbali ina, dongosolo la dziko lonse losamala zacilengedwe la 1985 linabala lamulo la 1990, ndipo mu 1992 linayamba nchito bungwe la Environmental Council of Zambia. Mu 2011 bungweli linasanduka ZEMA, yopatsidwa mphamvu yopenda mgodi, fakitale kapena mseu usanayambe, ndi yolanga oipitsa madzi ndi mpweya. Mu 2021 ZEMA ndi nthambi ya zankhalango zinaikidwa pansi pa unduna watsopano woona za cilengedwe.

Kwa mudzi wa ku Nyimba lamulo lofunika koposa ndi la nkhalango la 2015, pamodzi ndi malangizo ace a 2018. Mwa lamulo limeneli anthu a m'dera angathe kupanga gulu, nagwirizana za malire a nkhalango yao, natenga cibvomerezo ca mfumu, nalembera mkulu wa zankhalango. Akazindikiridwa amalemba dongosolo lonena pamene adzatema, pamene adzaleka ndi nthawi yotentha, nasainirana cipangano ndi Boma. Pamenepo amakhala ndi mphamvu yoletsa wobwera ndi nkhwangwa, ndi yopindula ndi uci, bowa, matabwa ndi zina za m'nkhalangoyo. Tikakumbukira komiti ya mlimi Wacizungu ya 1950, tiona kuti panapita zaka 65 kuti mlimi wa kumudzi alandire cofanana naco.

Ndalama zacokeranso kunja monga kale. Kuyambira 2012 mpaka 2014 akatswiri a bungwe la CIFOR anagwira nchito yopima nkhalango za ku Nyimba pamodzi ndi anthu a m'midzi. Mu 2017 Banki ya Dziko Lonse inabvomereza nchito ya cigawo conse ca Kum'mawa yochedwa Zambia Integrated Forest Landscape Project, yokumanitsa a zaulimi, a zankhalango, a zanyama ndi a zamalo pa bwalo limodzi ku Chipata, monga momwe Bwana wa cigawo ankawakumanitsira kale. Makampani naonso alowapo: COMACO inayamba kugula mbeu kwa alimi olonjeza kuleka misampha ndi kusamala nthaka, ndipo BioCarbon Partners inapangana ndi madera monga a Luembe ndi Nyalugwe kuti anthu asunge mitengo nalandire ndalama zocokera kwa amene amatulutsa utsi wotenthetsa dziko. Zonsezi nzothandiza, koma akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Nchito ya zaka zisanu imatha, galimoto zace zimapita, pamene mombo wotemedwa ufuna zaka makumi angapo kuti ubwerere.

Mau kwa inu a m'tauni

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife a ku Chamboli kapena ku Matero zikutikhudza bwanji? Yang'anani pa mbaula. Matumba a makala, amene m'tauni timati malasha, oimikidwa m'mbali mwa mseu waukulu wa Kum'mawa, amapita kumene kuli wogula, ndipo wogulayo ndife. Mu 2024, cirala citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku, mabanja amene kale ankaphikira pa sitovu anatembenukira ku mbaula. Wootcha makala kumudzi sacita nkhanza; cimanga cikapsa ndi dzuwa, mtengo ndiwo nkhokwe yace yotsala. Koma nkhokwe imeneyo ndi yomwe inu mukuyembekezera kukaidya tsiku lopuma nchito, pamene mudzafuna munda, nsici za nyumba ndi madzi a pa dimba.

Mbiri imene tamvayi itisonyeza kuti mapu abwino, akatswiri anzeru ndi nthambi zogwirizana zinalipo kale mu 1945, ndipo zinakanika pamene mwini khasu sanafunsidwe. Lero lamulo lampatsa mpando, koma mpando wa m'komiti ungathe kukhalidwa ndi anthu atatu okha odziwa kuwerenga Cingerezi, ena onse osadziwa cimene cinasainidwa m'dzina lao. Apa ndi pamene inu ophunzira a m'tauni mungathandize. Mukaimba foni kumudzi, kapena mukapita pa chuti, funsani ngati dera lanu liri ndi gulu la nkhalango, anasankha ndani, ndi akazi angati alimo, popeza kwa Ansenga mbumba ndiyo mwini mudzi. Pemphani kuona cipangano, muciwerenge mokweza pa bwalo m'cinenero ca kwanu. Funsani ndalama zimene zinalowa caka catha ndi cimene zinagula. Ndipo potumiza ya feteleza, funsaninso ngati m'munda mwa amai mwatsala misangu ingati, ndi ngati moto wa caka cino unayatsidwa udzu ukali wauwisi.